Nkhanga ndi Mawu Amene Namzeze Anasiya

Nkhanga ndi Namzeze anali mabwenzi, koma ankaonana dzinja lokha. Mvula ikatha, Namzeze ankauluka kupita ku Ulaya, Nkhanga n'kutsala m'thengo ali maso kumwamba. Iye mapiko ake sankamufikitsa ngakhale kutsidya kwa dambo.

Chaka china asananyamuke, Namzeze anamuuza kuti olankhula Chingerezi satchula ngozi ndi liwu limodzi. Ngozi yooneka mbuu chapatali ngati mtambo amati "looming", ndipo imene yatsala pang'ono kukugwera amati "imminent". Nkhanga anachita manyazi, pakuti mtundu wake unali ndi kulira kumodzi kokha. Mlonda wa pachulu akaona choopsa chilichonse ankakuwa, onse n'kumwazikira m'maudzu.

"Achimwene, ndisiyireni mawuwo," anatero Nkhanga. "Ndikamawatchula ndizimva ngati mulipo."

"Tengani, chemwali, salemera," anayankha Namzeze. "Kungoti eni ake amawatchula ali m'nyumba, chitseko chili chotseka."

Chilimwe chonse Nkhanga ankabwereza mawuwo payekha, osaphunzitsako mnzake aliyense, poti anali ake ndi Namzeze. Litafika tsiku lake la ulonda, anakwera pachulu, anapiye ake akutola njere pansi pamodzi ndi nkhanga zina. Maso ake anali kumpoto, kumene bwenzi lake linazimiririra.

Kumeneko kunaoneka kadontho kakuda. Anakondwera, akuganiza kuti Namzeze wafulumira kubwera. Kadontho katakula, anazindikira kuti ndi Mphamba, mbalame yogwira anapiye. M'malo mokuwa, anayamba kuyeza ngati ngoziyo inali idakali kutali kapena yafika. Anasankha liwu loyamba lija, nalitchula mofatsa monga ankalitchulira Namzeze.

Nkhanga zina zinadzutsa mitu, zinamuyang'ana, n'kupitiriza kudya. Pamene Nkhanga anakuwa kulira kwa makolo ake, Mphamba anali atanyamula kale mwanapiye wake wamng'ono.

Mvula itayamba, Namzeze anafika natera pachulu pomwepo. Anafunsa mokondwa ngati chemwali wake akukumbukirabe mawu aja. Nkhanga anayang'ana bwenzi limene analidikira miyezi yonseyi.

"Mawu alipo onse, achimwene," anatero. "Mwana ndiye palibe."

Phunziro: Pochenjeza anzako za ngozi, lankhula msanga ndi mawu amene iwo amawadziwa. Mawu amene umawakonda chifukwa cha amene anakupatsa, uwasungire nthawi ya mtendere.