Thadzi ndi Ana a Mawanga

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mwakhala kumbuyoko, padali Thadzi wina amene ankakhala kuseri kwa nkhokwe, pafupi ndi mtsinje.

Thadziyu ankaikira mazira monga anzake. Ankafungatira monga anzake. Masabata atatu ali phee, nthenga za pachifuwa mpaka kuthothoka. Koma tsiku loswa likafika, zii. Akagogoda ndi mlomo, go go go, panalibe woyankha. Chaka chino zii, chaka chamawa zii. Anzake akamadutsa ndi anapiye, tsiyo tsiyo tsiyo, iye ankayang'ana kumbali. Akafukula chiswe chonona, ankayiwala n'kuitana kuti, "Ko ko ko, bwerani!" Kenako ankacheuka, n'kudya yekha.

Tsiku lina lupsa linatentha tchire. Thadzi akusaka ziwala zopsa, anapeza nthenga za nkhanga zili mbwee, ndipo pansi pa chitsamba panali mazira atatu, akadali ofunda. Anadikira mwiniwake mpaka dzuwa kupendeka. Sanabwere. Basi anawagubuduza limodzilimodzi mpaka kwawo.

Bakha, mnansi wake, anapukusa mutu. "Anzanga, mukudzivutiranji? Ana a eni amenewo. Akadzamera mapiko adzakusiyani. Yesaninso anuanu."

"Ndamva," anatero Thadzi. "Koma awa alipo kale, ndipo akuzizidwa."

Masabata atatu, zii. Mtima wake unagwa. Koma sanadzuke. Sabata lachinayi, anamva pansi pa mimba pake, go. Kenako go go. Munthu akugogoda m'kati! Thadzi anaopa ngakhale kupuma. Anatuluka atatu, timiyendo tofiira, timawanga pamsana, othamanga ngati mphepo.

Mbiri inafika kwa Ng'azi, chimbuluzi chachikulu chija chamchira wautali. Paja ndi iyeyo anadya mayi wa anawo, nasiya mazira kuti adzadye mawa, popeza mimba inali itadzaza. Anabwera, khwe khwe khwe, lilime lili lawilawi, misozi yabodza ili chuchuchu.

"Odi, mayi! Ndamva mwatola ana anga. Mwachita bwino, koma mwini ndafika."

"Ana anu, a Ng'azi?"

"Taonani mawanga awo, muone anga. Magazi ndi magazi, mayi. Inu muli ndi banga ndi limodzi lomwe?"

Thadzi anadziyang'ana. Analibe. Mawuwo anamulasa penipeni, chifukwa nayenso tsiku lililonse ankafunafuna nkhope yake pa anawo, osaipeza. Koma anaona malovu akuchucha kukamwa kwa bamboyo.

"Mwanena zoona," anatero. "Nanga maina munawapatsa ndi otani, kuti ndiziwaitana bwino?"

Ng'azi anameza malovu, gwi. "Uyu ndi Kadzutsa. Uyu ndi Nkhomaliro. Kakang'onoko ndi Mgonero."

"Maina okoma. Mawa mudzaitana yani?"

"Mawa? Mawa inu mudzatolanso ena."

"Chabwino, bambo. Koma kwathu kuno kholo silitengera ana pabwalo ngati nkhuni. Limalowa m'nyumba mwawo, n'kuwanyamula pamphasa. Tiyeni."

M'mbali mwa mtsinje msodzi anali atayanika mono, dengu lija logwirira nsomba, lolowa mosavuta koma losatulukika. Thadzi anaitana, "Ko ko ko, lowani m'nyumba!" Tiana tija tinalowa, psululu. Iye anazungulira kumbuyo kwa monowo.

Ng'azi analowetsa mutu. Analowetsa mapewa. Mimba inakana, anakankha, fwaa, yonse m'kati. Pomwepo Thadzi anaitananso chapansipansi, "Ko ko ko, tulukani!" Tiana tinadutsa m'mipata ya nsungwi, pyo pyo pyo, n'kubisala m'mapiko mwake.

"Kadzutsa, bwera kuno!" anakuwa Ng'azi. Zii. "Nkhomaliro! Ndine bambo ako!" Zii. Anayesa kubwerera chafutambuyo, nsonga za nsungwi zinamubaya m'nthiti. Anayesa kutembenuka, mchira unamukwapula kumaso. Mono unayamba kugubuduka, gubudu gubudu, mpaka m'madzi, thibu! Akuti Ng'azi anatulukira kutali kumunsi, ndipo mpaka lero akamva nkhuku ikuitana amathawira m'madzi.

Ana anakula. Mawanga anachuluka, mapiko analimba. Thadzi ankawaphunzitsa kugona m'khola, iwo ankakwera mumtengo. Ankawaphunzitsa kulira kwa nkhuku, iwo ankasokosera, tyetyetyetye, mudzi wonse osamvana. Ndiye m'mawa wina gulu la nkhanga linalira patsidya. Atatuwo anaimika makosi.

Wamng'ono uja anati, "Amayi, kodi tikapita mudzakwiya?"

Thadzi anamuyandikira. Anamuchotsa kaudzu pamutu. "Pitani," anatero. "Koma mukaona chimbuluzi chikulira misozi, musafunse maliro ndi a yani."

Anauluka, phururu, mpaka kuseri kwa mabango.

Bakha anafika, penda penda. "Ndinanena ine."

"Munanenadi," anayankha Thadzi, maso akadali patsidya.

Mvula inagwa, inatha. Chimanga chinauma. Thadzi anakalamba, diso limodzi linachita khungu. Tsiku lina masana akuwothera dzuwa, anamva phokoso pabwalo. Nkhanga yaikulu inaima patsogolo pake, kumbuyo kwake tiana khumi ndi tiwiri.

"Amayi, ndine wamng'ono uja. Awa andilemetsa, sagona, samva. Mungandigwirireko?"

Thadzi anatambasula mapiko. Analowa asanu, ena anakwera pamsana, kamodzi kanamujompha diso labwino lija.

"Agogo, agogo, bwanji inu mulibe mawanga?"

"Khala pansi iwe," anatero Thadzi, "ukundiponda."

Nthano yanga yathera pomwepa, kaoneni mbatata paphulusapo isanasanduke khala. Koma wina akadzabwera kudzalanda mwana, akuloza mphuno kuti ikufanana ndi yake, inu mudzayambe mwamufunsa dzina la mwanayo.