Mlimi amene anasungitsa ukonde kwa namasupuni

Panali munthu wina, mlimi wa kumapiri, amene mvula inamukana zaka ziwiri zotsatizana. Anakusa mbuzi zake zonse nakazisinthanitsa ndi ukonde umodzi, natsikira kunyanja ya Malombe kuti ana ake azidya za m'madzi. Bwato anali asanakwerepo. Akuti tsiku loyamba atamupatsa nkhafi, anafunsa kuti mpini wa khasu limeneli waterera bwanji chotere.

Anamulandira Che Amidu, msodzi wakale amene ankaphunzitsa obwera kumene. Ameneyo ankaidziwa nyanja moti milamba ikakangana za malire inkabwera kudzafunsa kwa iye. Ine sindinaione ikubwera, koma anandiuza ndi anthu osanama kawirikawiri.

Mlimi atadziwa kupalasa, awiriwo anapita pakati pa nyanja dzuwa litangopendeka kukatchera ukonde uja. Manja akugwira ntchito, pakamwa pa mlimi sipanapume. Ankangoloza kumtunda, uku akunyoza minda ndi nkhokwe za eni dziko.

Atamangirira kabotolo koyandama kunsonga kwa ukonde, Che Amidu anati, "Kabotolo aka pamafunde sikaoneka uli patali. Ndiye yang'anani kumtunda, achimwene. Pezani zinthu ziwiri zimene zaima china kumbuyo kwa chinzake. Tembenukirani mbali ina, mupeze ziwiri zinanso. Mawa zikakaimanso chimodzimodzi, mwafika pa ukonde wanu."

"Zonsezo za chiyani, akulu? Kwathu munda ndimauzindikira ndi chitsamba chimodzi, ndipo sunandisowepo. Si icho chitsamba, chili ndi kakowa pamwamba."

Chitsambacho chinali namasupuni, chomera chija choyandama pamadzi.

"Chimenecho chili ndi miyendo," anatero Che Amidu.

Mlimi anaseka mpaka bwato linamwa madzi.

M'mamawa kunawomba mwera. Mlimi analawirira yekha, nalondola chitsamba chake. Anakachipeza kutali, pafupi ndi gombe la tsidya lina, kakowa yemwe uja ali pamwamba phee, ngati mlendo amene wapeza mpando wa pawindo m'basi. Anafufuza ndi nsungwi pansi pake, anachizungulira kanayi, mpaka dzuwa linafika paliwombo. Kabotolo kosaoneka.

Anabwerera nakhala pansi pamchenga. "Che Amidu, mbuzi zanga zamira zonse. Ana ndikawauza chiyani?"

Che Amidu ankadziwa bwino pamene ukonde unali, koma sanaloze. Anangofunsa kuti, "Dzulo tikutchera, munkanyoza munda wa yani?"

"Wa waulesi uja wa paphiri, wolima mizere yotsetsereka. Unabisala kumbuyo kwenikweni kwa mlambe, mwina chifukwa cha manyazi."

"Nanga nkhokwe ija?"

"Yopendekeka ija? Mgwalangwa unkaoneka ngati wamera padenga pake."

"Kwerani. Mupalase ndinu."

Mlimi anapalasa mpaka mlambe unaphimba munda wa waulesi. Anatsata mzere womwewo osaukhotetsa, monga ankachitira ndi khasu kwawo, maso ali kunkhokwe. Mgwalangwa unayenda pang'onopang'ono nukakwera padenga. Pomwepo chinthu chinagunda bwato: go! Kabotolo.

Nsomba zina zinali zitayamba kale kufewa chifukwa chokhalitsa. Zotsalazo zinakwanira ana ake, ndipo chambo chachikulu kuposa zonse anakachitula yekha kwa waulesi wa paphiri, amene mpaka lero sadziwa chimene anathokozedwera.

Tsono inu mwabwera kudzaphunzira usodzinu, maso amene mwachoka nawo kumunda musawasiye pagombe, ndi omwewo adzakupezereni ukonde. Koma muziwaika pa zinthu zimene zimagona pamalo amodzi. Chobiriwira chilichonse chimene chili pafupi nanu pamadzi, ngakhale chitakhala ndi mbalame yokongola pamwamba, muyambe mwachifunsa kuti mawa chidzakhala kuti.