Mtsuko umene Ndawala anausiya pamsewu

Kalekale, msewu uwu usanaone phula, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Ndawala. Mwalimva dzinalo? Ameneyo ndiye bambo wa gogo wanga Tiyese, choncho magazi ake ali mwa inu nonse mwakhala panonu. Sanali wolemera, sanali wamtali, ndipo kuyankhula ankachita kuumira. Koma liuma, ana inu, liuma! Ndawala akati ayi, mukanatha kumunyengerera kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, yankho n'kukhala lomwelo. Ena a inu mwatengera, ndikukuonani.

Pamphambano paja pali msika lero panali sitolo imodzi yokha, ya Mmwenye wina dzina lake Mavuji. Iyeyu ankakhala ndi mkazi wake, ana ake, ndiponso amayi ake, nkhalamba yochepa thupi yovala nsalu yoyera, dzina lawo Kashibeni. Chipembedzo chawo chinali Chihindu.

Tsiku lina munthu anasinthitsa thole lalikazi ndi makasu pasitolopo. Mavuji anati aligulitse kwa opha nyama, koma amayi ake anakana, kukaniratu. Analitcha dzina loti Gawuri, n'kuitanitsa Ndawala, amene ankadziwika kuti ng'ombe amazidziwa. Chinyanja cha gogo Kashibeni chinali chotsimphina, koma chinkafika kumene chikupita.

"Ng'ombe iyi ikakhale m'khola mwako," anatero Kashibeni. "Ikabereka, mwana wake aziyamba kuyamwa. Mkaka wotsala azimwa ana ako. Ine uzindipatsa mafuta okha."

Ndawala anati, "Ndamva, amayi." Basi, pangano linathera pomwepo.

Gawuri itabereka, gogoyo anamuphunzitsa kapangidwe ka mafutawo. Mkaka uzigona usiku mpaka usanduke chambiko. Chambiko uchipukuse, uchipukuse, uchipukuse, mpaka mafuta ayandame. Mafutawo uwaike pamoto wofatsa, abwate, madzi onse athemo, atsale oyera mbee, achikasu, onunkhira mpaka kuseri kwa nyumba. Amwenyewo ankawatchula kuti gii.

Ndawala ankayesa kuti ndi othira m'ndiwo basi. Inu simukanaganiza choncho? Koma m'mawa wina atabweretsa mafuta, Kashibeni anamuimika pakhomo la chipinda n'kumuuza kuti ayang'ane. Pakona panali zithunzi za milungu yawo, maluwa, ndi kanyale kamkuwa. Gogoyo anapota kachingwe ka thonje, n'kukanyika m'mafuta aja, n'kuyatsa. Lawi linaima chilili, lopanda utsi.

"Kwa ife ng'ombe ndi mayi," anatero. "Imatidyetsa osaipha. Chabwino koposa cha mumkaka wake ndi ichi, ndiye timachipereka kwa Mulungu. Nyale ya m'mawa, mafuta ndi awa. Mwana akamakwatiwa, pamoto timathira awa. Ine ndikadzafa, adzandiperekeza ndi awa. Koma magazi asawayandikire, Ndawala. Chimene chaphedwa sichifika pano."

Ndawala sanalowe Chihindu ayi. Iye nsembe zake ankathira patsinde pa mtengo, ufa ndi mowa, monga ankachitira makolo ake. Koma chifukwa cha chimenecho anamvetsa msanga, poti naye sakanalola munthu kumuthirira mchenga mu ufa wa nsembe. Kuyambira tsikulo mtsuko wa mafuta unali ndi malo akeake m'nyumba, ndipo ankautsuka yekha.

Zaka zinapita. Ndiye kunadza chilala. Mvula inangolawitsa n'kuthawa, chimanga chinafota chisanamasule, madambo anang'ambika. Ng'ombe za anthu m'mudzi muno zinauma mabere. Gawuri yokha ndiyo inkaperekabe kamkaka, ndipo kamkaka kameneko ndi kamene kanagwira moyo wa ana atatu a Ndawala. Phala lopanda kanthu, akathiramo chambiko chotsala popukusa, ana n'kugona osalira. Mukumva? Ng'ombe ya eni ake, koma moyo wa m'nyumba mwa Ndawala unali pamabere ake.

Chaka chomwecho Savita, mwana wamkazi wa Mavuji, anapeza banja. Alendo anali oti abwera kuchokera ku Limbe pa lole, pamodzi ndi wansembe wawo. Paukwati wawo amasonkha moto pakati, akwati n'kumauzungulira, wansembe n'kumathira mafuta pamotopo pemphero lililonse. Kashibeni anapempha mtsuko wodzaza.

Ndawala anayesetsa. Miyezi itatu akusonkhanitsa, lero kasupuni, mkuja kasupuni. Ankayenda mitunda kukafuna msipu m'mphepete mwa phiri, n'kubwera atasenza udzu pamutu ngati mayi wochokera ku nkhuni. Sabata ya ukwati itafika, mtsuko unali theka. Theka lenileni, osapitirira.

Tsono panali mlamu wake, Thombozi, mchimwene wa mkazi wake Nasoko. Munthu wabwino mtima Thombozi, wopatsa, koma wa gulu lija lodziwa zonse. Ng'ombe yake yofula inagwera m'chigwembe n'kuthyoka mwendo, ndipo anaipha. Atamva mlongo wake akudandaula za mtsuko wosadzaza, anati nkhani yaing'ono imeneyo. Anatenga mafuta a kuimpso, anawasungunula, anawasefa bwinobwino pansalu, n'kuwathira mumtsuko muja Ndawala ali kuphiri. Anatakasa onse ali ofunda, mtsuko n'kudzaza mpaka m'khosi.

Kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, m'mawa, Ndawala ananyamula mtsuko kuti apite nawo. Unalemera. Anauika pansi, anavundukula, anayang'ana. Anapisa chala n'kulawa, ndipo mafuta anamumata kumwamba kwa m'kamwa.

"Amake Tiyese," anaitana mkazi wake, "muno mwalowa chiyani?"

Nasoko anayang'ana pansi. Thombozi, amene anali pabwalo, anabwera akumwetulira, akuyembekezera kuthokozedwa.

"Ndine, alamu. Ndakuthandizani. Mafuta a ng'ombe yanga ija."

"Ng'ombe yakupha?"

"Nanga ng'ombe si imodzi yomweyo? Awa achokera kubere, awa achokera kumimba. Pamoto onse amayaka. Akadziwa ndani?"

Akadziwa ndani? Limenelo ndilo funso, ana inu. Mtundu unali womwewo, fungo la gii linaphimba zonse, ndipo mafuta opita pamoto salawa munthu. Kashibeni maso anali atayamba kale kuchita khungu. Ndawala akanangopereka mtsukowo, akanamuombera m'manja.

Nasoko anagwada pafupi naye. "Abambo ake a Tiyese, chonde khalani chete. Mukakanena, ng'ombe akatilanda. Akatilanda, ana awa amwa chiyani? Tayang'anani miyendo ya Tiyese mmene yaondera."

Ndawala anayang'ana mwana wake, ndipo mantha anamugwira. Musaganize kuti liuma limachotsa mantha. Anaopa kwambiri, mtima unamupweteka, poti zimene ananena mkazi wake zinali zoona. Anaganiza zochepetsa mafutawo, koma osakanizika kale ungawalekanitse bwanji? Anaganiza zonama kuti mtsuko wasweka. Bodza limenelo linamukomera kanthawi ndithu. Koma mawa lake gogoyo akanamufunsa kuti unasweka bwanji, ndipo iye kuyankhula kwambiri sankakutha.

Anasenza mtsuko.

"Alamu, mwapenga?" anakuwa Thombozi.

"Mwina," anatero Ndawala, n'kumapita.

Pasitolo panali piringupiringu, ena akumanga chisakasa, ena akutunga maluwa m'zingwe. Ndawala sanakwere nawo mtsukowo pakhonde. Anausiya pamsewu, patali ndi khomo, n'kupita chimanjamanja. Kashibeni anamulandira akuseka, nafunsa kuti mafuta ali kuti.

"Ali apo pamsewu, amayi. Musawakhudze. Mwalowa mafuta a ng'ombe yakupha."

Gogoyo anagwira pakamwa n'kukhala pansi pomwe anaima, misozi ikutsika. Mavuji anatuluka m'sitolo nkhope itafiira.

"Masiku atatu! Alendo ali panjira, wansembe ali panjira! Wathira ndani?"

"Mtsuko ndi wanga, bwana, nyumba ndi yanga. Sindinausunge bwino."

"Ndati wathira ndani?"

"Sindinausunge bwino."

Anamufunsa kanayi, ndipo kanayi konse anayankha zomwezo. Mavuji analamula kuti ng'ombe ibwere lero lomwe, dzuwa lisanapendeke.

Ndawala anakataya mafuta aja kuthengo, anabwerera kumudzi, anamasula Gawuri ndi thole lake. Ana anaima pakhomo la khola akuyang'ana. Nasoko analowa m'nyumba n'kumalira. Thombozi ndiye anasowa poika nkhope. Ndawala anakoka chingwe, ng'ombe patsogolo thole pambuyo, mudzi wonse ukumuonerera ndi kumunena kuti ndi chitsiru chogulitsa ana ake chifukwa cha nyale ya Amwenye.

Atafika kuseri kwa sitolo, anamangirira ng'ombe pamtengo wa mango, anaisisita pakhosi, n'kutembenuka kuti azipita.

"Ukupita kuti?" Anali Kashibeni, atanyamula chibekete chamkuwa chotsukidwa mpaka kuwala. "Ndiye akama ndani? Samba m'manja."

Ndawala anasamba. Analola thole kuyamwa kaye monga mwa masiku onse, kenako anakama. Madzulo amenewo anakama, m'mawa mwake anakama, madzulo anakamanso. Gogoyo ankagoneka mkaka, awiriwo n'kumapukusa mosinthana. Chambiko chotsala gogoyo ankachithira m'chipanda n'kumupatsa kuti apite nacho kwa ana, Mavuji akuyang'ana kumbali ngati sakuona.

Tsiku lachiwiri kunatulukira Thombozi, thukuta lili kamukamu, atanyamula chipanda cha mkaka umene anapemphetsa m'makola a midzi itatu. Manyazi anali atamuyendetsa munthu. Kashibeni anafunsa Ndawala ngati mkakawo unali wa ng'ombe wokhawokha.

"Sindinaone akukama, amayi. Sindinganene."

"Alamu!" anadandaula Thombozi. "Midzi itatu, wapansi!"

"Sindinaone," anabwereza Ndawala. Mkaka wa Thombozi unathera mu tiyi wa alendo, ndipo akuti anaumwa mokondwa.

Ndiye mafuta anatuluka ochuluka bwanji? Mukuganiza kuti kunachitika chozizwitsa? Ayi. Anatuluka kakapu kamodzi, kosadzaza n'komwe. Mavuji anachita manyazi kukapereka pamaso pa apongozi a mwana wake a ku Limbe, anthu ozolowera mafuta a m'zitini. Wansembe anakayang'ana kakapuko, ananunkhiza, n'kufunsa ngati anali oyera.

Kashibeni analoza Ndawala, amene anali ataima kunja kwa chisakasa pamodzi ndi anthu a kumudzi. Anayankhula m'chiyankhulo chawo nthawi yaitali ndithu, ndipo alendo onse anatembenuka kumuyang'ana. Ndawala sanamve liwu n'limodzi lomwe, anangoona wansembe akugwedeza mutu n'kutenga kasupuni kakang'ono kamtengo.

Moto unayatsidwa. Wansembe ankaimba pemphero, n'kudontheza. Pemphero, dontho. Pemphero, dontho. Dontho lililonse lawi linkadumpha, Savita ndi mwamuna wake akuzungulira, fungo likufika mpaka pamsewu. Pemphero lomaliza wansembe anachita kukokota kakapuko ndi supuni, koma anakwanira.

Alendo atapita, Mavuji anati ng'ombe aipereke kwa woweta wina wa kutsidya. Mkwiyo unali usanamuthere, ndipo tisamunene, munthu anachita manyazi paukwati wa mwana wake. Amayi ake sanakangane naye. Anapita pamtengo wa mango, anamasula chingwe, n'kuchiika m'manja mwa Ndawala.

"Mwana wanga," anauza Mavuji, "maso anga atha. Wina akandibweretsera mtsuko wodzaza, ndidziwa bwanji zimene zili m'katimo? Uyu ndi amene ndingayatse mafuta ake osafunsa."

Gawuri inabwerera m'khola tsiku lomwelo. Nasoko anakhala sabata yathunthu osamusekerera mwamuna wake, ndipo Ndawala sanamukakamize, poti ankadziwa kuti anaika ana pangozi ndipo zikanatha kutha moipa. Ana atatu aja onse anaiona mvula ya chaka chotsatira.

Ndiye mukamamva anthu akunena kuti a kwa Ndawala ndi ouma mitu, sabisa kanthu ngakhale kowapweteka okha, musakwiye. Kunayambira pamenepo. Kwathu kuno chopembedzera cha mnzako sitichiyeza ndi lilime lathu, ngakhale ife sitigwada kumene iye amagwada. Iye akati ichi chisayandikire, ndiye kuti chisayandikire. Ndipo chimene wakusungitsa munthu chikaonongeka m'manja mwako, usadikire kuti adzakufunse, makamaka ngati ukudziwa kuti sangadziwe. Nyamuka ndi miyendo yako, mantha ali momwemo, ukanene.