Zisiyeni, Zizolowerana

Panali munthu wina wometa tsitsi pamsika, amene ankaweta nsomba m'bokosi lagalasi kuti makasitomala aziyang'ana akamadikira. Inali imodzi yokha, yamphongo, yofiira psuu, ya zipsepse zazitali ngati chitenje choyanika pamphepo. Nsomba zimenezi amazitcha beta. Pomugulitsa, mwini sitolo anamuchenjeza kuti, "Achimwene, iyi ndi yandewu. Musaiphatikize ndi nsomba ya mchira wautali wowala, imaiyesa mdani."

Koma makasitomala sanamupatse mpata. "Mukuisungiranji yokha ngati mfiti? Ipezereni mnzake!" Paja kwathu kuno kukhala wekha timakuyesa tsoka. Wometa uja anachita manyazi. Anagula kansomba kokongola ka mchira wachikasu, n'kukaponya momwemo.

Beta ija itangokaona inatukumula khosi, n'kuyamba kukathamangitsa. Kansomba kanakabisala kuseri kwa mwala.

Wometa ankaona zonsezi ndipo ankachita mantha. Ankameta munthu maso ali pabokosi la nsomba lija, moti wina anatsala pang'ono kusiya khutu pampando. M'mawa akatsekula chitseko, ankayamba wasuzumira ngati kansomba kakadali moyo. Mchira wake unayamba kung'ambika. Chakudya chikagwa m'madzi, iko sikankatuluka.

Pansi pa tebulo panali botolo lalikulu lopanda kanthu. Madzi analipo. Kukasamutsa sikukanatenga ngakhale nthawi yometa ndevu. Tsiku lina analinyamuladi botololo, koma anthu pabenchi anamuseka. "Zisiyeni, bwana, zizolowerana. Ndi mmene zimayambira." Iye analibwezera pansi pa tebulo.

Kenaka ndewu inatha. Beta inkasambira mwaufulu, kansomba kali phee pakona. Anthu anati, "Mwaona? Zagwirizana." Kutacha, wometa anakapeza kakuyandama, mimba m'mwamba.

Nkhaniyi ndikuuza inu ankhoswe. Mwana wathu wamkazi uja anathawira kuno ndi mabala, inu mwamubwezanso kwa mwamuna wake, mukuti banja ndi kupirira. Lero mukundiuza kuti kwakhala bata, sakudandaulanso. Bata limenelo ndi limene likundisowetsa mtendere ine. Ndani wa inu wapita kukaona ngati akudya? Nyamukani lero lomwe mukamutenge, botolo lisanakhale lopanda ntchito.