Laita ya Apongozi

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene ankadzaza gasi m'malaita pamsika wa kwawo. Anali ndi katebulo, kachitini ka gasi, ndi kapu ya madzi. Akadzaza laita ankaiviika m'kapumo. Madzi akakhala bata, ankaipukuta, n'kudikira kuti iume ndiponso gasi wa m'manja auluke, kenako n'kuyatsa. Koma tithovu tikatuluka, ankadziwa kuti laitayo yang'aluka. Ankapita nayo poyera, kutali ndi moto, n'kutulutsa gasi yense, n'kuuza mwini wake kuti aitaye. Ena ankamunyoza, iye osatekeseka.

Tsiku lina la msika kunabwera apongozi ake aamuna, nkhalamba yokonda fodya wa chingambwe. Lufeyo anali mkamwini pamudzi pawo, ndipo chikwatire anali asanawayang'anepo m'maso. Apongoziwo anatulutsa laita yofiira imene anawatumizira mwana wawo wa ku Joni. Ankainyadira ngati ng'ombe.

"Uyu ndi mkamwini wanga," anauza anzawo amene anatsagana nawo. "Palibe laita yomukanika."

Lufeyo anadzaza laita ija, n'kuiviika. Tithovu tinakwera, ting'onoting'ono, motsatizana, kuchokera pamng'alu wa kukhosi kwake. Auze bwanji apongozi, pamaso pa anzawo, kuti mphatso ya mwana wawo ndi yotaya? Amene angomutama kumene awachititse manyazi? Anaivuula msanga, n'kuipukuta ndi malaya, n'kuipereka ndi manja awiri atanjuta.

"Yachira, bambo."

Mawa lake pamudzipo panali maliro. Amuna anakhala pansi pa mtengo kudikira adzukulu, Lufeyo ali pomwepo, chakumbuyo. Apongozi anapichira fodya wawo, n'kupisa m'thumba la jekete momwe laita ija inakhala ikutuluka gasi chiyambire dzulo. Atangokhwatcha, moto unalilima. Unagwira dzanja, ndevu, ndi jekete lomwe. Anthu anauzimitsa ndi dothi ndi zisoti. Dzanja lamanja linasupuka khungu, ndipo nkhalamba yaulemu wake inatsala ndevu mbali imodzi, khamu lonse likuona.

"Anakudzazirani ndani laita imeneyi?" anafunsa mkulu wina mokwiya.

Lufeyo anazyolika. Anadikira kumva dzina lake.

"Ndinaigwetsa ndekha pamwala m'mawa uno," anatero apongozi. "Musanamizire munthu."

Akanamutchula, bwenzi zitamupepukira. Koma kuvekedwa ndi munthu amene wamuvula kunamuwawa koposa kukwapulidwa. Masiku awiri sanapite kumsika, ndipo sankadya n'komwe. Mkazi wake ankapita kukatsuka bala la bambo ake, n'kumabwera akuyamikira kuti mwamuna wake ndi wachifundo, onani mmene zamukhudzira.

Tsiku lachitatu Lufeyo anapita yekha kwa apongozi. Anawapeza pakhonde, dzanja litakulungidwa nsalu. Anakhala pansi chapatali, monga achitira mkamwini.

"Bambo, laita ija simunaigwetse. Ndinaona kuti ikutuluka gasi. Ndinachita manyazi kukuuzani."



"Tithovu tija ndinationa nanenso, akamwini," anatero apongozi. "Koma ine za malaita ndizidziwira kuti? Inu munati yachira, ine n'kukhulupirira."

Lufeyo anasowa poyang'ana.

Abale anga, akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma manyazi a Lufeyo anapsereza munthu wina. Iye ankayesa kuti akupereka ulemu, pamene ankangodzitchinjiriza yekha ku kamphindi kowawa. Alendo ankawauza zoona, wake weniweni n'kumupatsa moto m'thumba. Nanunso muli ndi anthu amene amadalira maso anu pa zinthu zimene iwo sazidziwa: kholo, abwana, abusa, mwamuna kapena mkazi wanu. Mukaona choopsa m'manja mwawo, nenani pomwepo. Njutani ngati mwambo ukufuna kutero, tsitsani mawu, atengereni pambali, koma nenani. Akakwiya, adzakwiya ali ndi manja onse awiri.