Dzina Limodzi pa Masamba Awiri

Che Amidu Mtalika anafika kwa Shehe Twaibu dzuwa litangopendeka, kompyuta ataipanira m'khwapa. Iwo anali mlembi wa komiti yoyang'anira sukulu za kwacha za m'mizikiti ya ku Ntaja, munthu wosakhulupirira chinthu asanachitembenuze uku ndi uku. Anawapeza Shehe ali pakhonde la madrasa, akusoka chikuto cha buku.

"Salamu aleikumu, Shehe."

"Waaleikumu salamu, Che Mtalika. Khalani pabenchipa."

Sabata imeneyo aphunzitsi onse a sukulu za kwacha ankalembetsa ophunzira awo pa intaneti, aliyense ndi foni yake kumudzi kwake, ndipo mayina onse ankasonkhana pamndandanda umodzi. Bungwe lina linali litalonjeza buku limodzi pa dzina lililonse. Mayinawo anachuluka zedi, moti kompyuta sinkawaonetsa onse pamodzi. Inkawagawa m'masamba, makumi awiri pa tsamba, ndipo munthu akamaliza tsamba ankadina kabatani kopita pa lotsatira.

"Shehe, ndawagwira Abiti Jawadu," anatero Che Mtalika asanakhazikike n'komwe.

Abiti Jawadu anali mphunzitsi wa kalasi ya amayi. Kalasi yawo inali itakula kuposa zonse, ndipo pamisonkhano ya komiti sankaopa kufunsa mafunso. Zonse ziwirizi Che Mtalika sizinkawasangalatsa.

"Mwawagwira akutani?"

"Akulembetsa anthu kawiri. Asiyatu Mdoka ali pa tsamba lachitatu, alinso pa lachinayi. Hawa Chilemba chimodzimodzi. Ndawerenga ndekha ndi maso angawa. Akufuna mabuku opitirira kuti akagulitse kumsika. Ndikupempha kuti mawa, swala ya Ijuma, mapemphero a Lachisanu aja, ikatha, mulengeze kuti kalasi yawo yaimitsidwa."

Shehe anabaya singano m'chikuto n'kuika bukulo pambali.

"Mwiniwake mwamufunsa?"

"Wakuba safunsidwa, Shehe. Angakane basi."

"Za makinawa ine sindizidziwa kwenikweni, ndiye mundiphunzitse. Munthu akalembetsa tsopano lino, dzina lake limakakhala pati?"

"Pamwamba penipeni pa tsamba loyamba."

"Nanga amene anali pamwambayo?"

"Amatsikira m'munsi."

"Pamene munkawerengapo, kulembetsa kunali kutaima?"

"Kuima bwanji? Lero ndi tsiku lotsiriza, midzi yonse ikulembetsa."

Che Mtalika anayankha mopsa mtima pang'ono. Anayamba kuganiza kuti mwina mayi uja anawatsogolera kale kufika pakhondepo, chifukwa mafunsowa sankapita kumene iwo ankafuna. Anayang'ana pansi pa benchi ngati angaone mphatso ina iliyonse. Panali nkhwayira za Shehe zokha.

"Mayi a kunyumba kwanu analembetsa nawo?" anafunsa Shehe.

"Abiti Wisiki? Analembetsa, inde. Koma iwo akulowa pati?"

"Tawapezeni ndiwaone."

Che Mtalika anatsekula kompyuta n'kuyamba kudina tsamba ndi tsamba. Akazi awo anawapeza pa tsamba lachisanu, chakumunsi ndithu koma osati kumapeto. Analoza ndi chala.

"Awa. Kamodzi kokha, monga anthu oopa Mulungu amachitira."

Nthawi yomweyo muazini anaitanira swala ya Alasiri.

"Isiyeni choncho, musaitseke," anatero Shehe. "Tiyeni tikaswali."

Che Mtalika sanafune kuisiya pakhonde. Anailowetsa m'kachipinda ka mabuku, natseka chitseko okha, kiyi n'kuika m'thumba la kanzu. Ngakhale ali pamzere mumzikiti, mtima wawo unali pachitseko chija.

Atabwerako anatsekula, napeza tsamba lachisanu lili monga analisiyira.

"Tsopano dinani kabataniko," anatero Shehe.

Anadina. Tsamba lachisanu ndi chimodzi linatseguka, ndipo pamzere wachiwiri kuchokera pamwamba panali dzina la Abiti Wisiki, mudzi womwewo, kalasi yomweyo.

Che Mtalika anachotsa magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Dzinalo linali pompo.

"Ndiye kuti ndi akazi anganso anapangana nawo..."

"Mawuwo musawamalize," anawadula Shehe mofatsa. "Kiyi anali m'thumba mwanu. Pamwambapo ndikuona kabokosi kofufuzira. Lembanimo dzina lawo."

Analemba. Kunabwera dzina limodzi lokha. Analemba la Asiyatu Mdoka, limodzi. La Hawa Chilemba, limodzi.

Shehe anagogoda benchi limene anakhalapo.

"Ana anga a madrasa amakhala pano asanu ndi atatu. Wina akabwera n'kudzipanikiza kumapeto uku, wa kumapeto uko amagwa n'kukakhala pa benchi lachiwiri. Ndikawerenga benchi loyamba, n'kutembenuka kukamwa madzi, n'kubwera kudzawerenga lachiwiri, mwana mmodzi ndimupeza kawiri. Si kuti wabadwa kawiri. Ife tikuswali, midzi inkalembetsa, ndipo mayi a kunyumba anakankhidwira pa benchi lachiwiri."

Che Mtalika anamvetsa, koma mtima wokayika sugonja msanga. Anaganiza pang'ono n'kupeza pogwira.

"Chabwino, Shehe. Koma pali chimodzi chomwe simunayankhe. Ndinawerenga masamba onse, a makalasi onse. Bwanji mayina obwerezedwa anapezeka m'kalasi ya Abiti Jawadu mokha? Makina amasankha munthu?"

"Masamba a makalasi enawo munkawawerenga bwanji?"

"Ndinkangodutsa. Aphunzitsi ake ndimawadziwa, ndi anthu abwinobwino."

"Nanga a Abiti Jawadu?"

"Amenewo ndinawakhalira pansi. Dzina lililonse ndinkaliyang'ana bwino, n'kuimbira anthu a m'mudzimo kufunsa ngati munthuyo alipodi. Tsamba limodzi linanditengera mpaka tiyi kuzizira."

Atangotero anaona okha pamene mawu awo anawafikitsa, ndipo anayang'ana pansi.

Shehe anatenganso buku lawo lija ndi singano.

"Makina sasankha munthu, Che Mtalika, munasankha ndinu. Pamene munkakhulupirira munkadutsa msanga, mayina asanasunthe. Pamene munkakayika munachedwa, ndipo kuchedwa kwanuko ndi kumene kunabwereza mayina. Umboni umene mwandibweretserawu anaulemba si Abiti Jawadu, unalembedwa ndi kukayika kwanu. Mawa ine sindilengeza kanthu. Koma anthu amene munawaimbira aja agona akudziwa kuti mphunzitsi wawo akufufuzidwa. Foni muli nayo, ndipo dzuwa silinalowe: aimbireninso muwauze zoona. Yambani ndi amene munamuimbira poyamba."