Madzi a Kankhanu mu Una wa Njuchi

Kalekale, nyama zikadalankhula, m'mbali mwa dambo munkakhala akazi awiri okumba. Wina anali Njuchi, osati ya mumng'oma ayi, koma ija yokhala yokha, yokumba una pamtunda pouma. Wina anali Kankhanu, wochepa ngati chikhadabo, wokumba m'matope. Awiriwa anali pa chinjira, ubwenzi waukulu uja wa akazi.

"Inu mumakumba, ine ndimakumba," ankatero Kankhanu. "Tangosiyana mapiko basi."

Chaka china dzuwa linakwiya, maluwa apafupi onse n'kuuma. Njuchi anali ndi ana atatu mu una, aliyense m'kachipinda kake, koma chakudya chawo, ufa wa maluwa, chinali chitachepa.

"Anzanga, ndikupita kuseri kwa phiri kukafuna ufa. Mundionereko anawa."

"Pitani, mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Tsiku loyamba Kankhanu anasuzumira mu unamo. Mouma gwa! "Kalanga ine! Anga ndimawafungatira kumimba, m'madzi, osawaumitsa ndi pang'ono pomwe. Awa apirira bwanji?" Anatunga madzi m'chigoba cha nkhono, nakwera mtunda, nathira.

Tsiku lachiwiri anasuzumiranso. Ana akungogwedezeka pang'ono. "Ludzu lawafoola," anatero. Anathira zigoba ziwiri.

Tsiku lachitatu anasuzumiranso. Zii. Mtima unamupweteka. Anasiya ana ake omwe, natunga, nakwera, natunga, nakwera, dzuwa likumuwotcha msana, mpaka una unadzaza. Ndimamumvera chisoni Kankhanu ameneyu, abale. Ulesi analibe, nkhanza analibe. Chimene analibenso ndi kufunsa.

Njuchi anafika miyendo ili yachikasu ndi ufa. Kankhanu anamuchingamira akusekerera.

"Takulandirani, anzanga! Musade nkhawa, ndawamwetsa mokwanira."

Njuchi anayang'ana khomo lake. Thope lokhalokha. Anakumba, natulutsa woyamba. Anakumba, natulutsa wachiwiri. Wachitatu anamupeza atafumbatabe kaufa kake konyowa. Onse anali atazizira.

"Tiwaike m'madzi mwina atsitsimuka," anatero Kankhanu.

Njuchi sanakalipe. Anakhutula ufa uja pansi, mphepo n'kuutenga.

"Anzanga," anatero, "ndikanasiyira mdani, akanangowaiwala. Ndikanawapeza amoyo."

Anauluka osatsanzika. Kankhanu analowa m'madzi chafutambuyo, maso ali kumtunda, ndipo mpaka lero sanaonanenso.

Chokupatsa moyo iwe chikhoza kupha mnzako, usanathandize, funsa. Yanga yathera pomwepa, kaphuleni mbatata ija, ngakhale ine njala yandithera.